Mayi, musafomate kompyutayo

Mayi wina wanditumizira imelo kuti chichokereni pa Windows 10 kupita pa Windows 11, File Explorer, pulogalamu yotsegulira mafoda ndi mafayilo, ikumangodzitsekera yokha, ndipo wina wawauza kuti angofomata, kutanthauza kufufuta zonse za mu kompyuta n'kuikamo Windows mwatsopano. Mawu akuti kufomatawa ndi amene andinyamula mtima.

Mchemwali wanga zinamuonekera zomwezi. Akangodina batani lakumanja la mausi pa fayilo, sikirini inkaphethira, taskbar (kamzere ka m'munsi mwa sikirini) n'kuzimirira, kenako n'kubwerera mafoda onse atatsekeka. Anapita nayo kwa wokonza makompyuta. Bamboyo sanafunse n'komwe kuti vutolo limayamba akamatani. Anangofomata basi. Zithunzi za ana ake ali makanda zinapitira pomwepo, ndipo mpaka lero nkhaniyi ikatchulidwa amangoti kukamwa yasa. Chowawa kwambiri n'chakuti atabwezeretsa mapulogalamu ake akale, vuto lija linabweranso tsiku lomwelo. Wolakwa anali kapulogalamu kakalekale kopanikizira mafayilo, kamene kanadzilowetsa pa mndandanda wa batani lakumanja.

Ine ndimati kufomata musanafufuze ndi ulesi, ndipo palibe angandisinthe maganizo. Explorer siyenda yokha. Mapulogalamu ena, monga oteteza ku mavairasi kapena osungira mafayilo pa intaneti, amamangirira timagawo tawo mkati mwenimweni mwa explorer.exe, fayilo imene imayendetsa Explorer. Kagawo kamodzi kakale kakapunthwa, kamagwetsa zonse, ndi taskbar yomwe, poti nayonso imayendera mu explorer.exe momwemo. Pa Windows 11 mndandanda wakale uja anaubisa pansi pa "Show more options", n'chifukwa chake ena zimawagwera akangodina pamenepo. Ndipo poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, anthu ambiri akusamuka atanyamula mapulogalamu a zaka zambiri. Amenewo ndi amene ndikuwadandaulira, chifukwa ambiri sasunga mafayilo awo pena paliponse.

Nanga inu mutani?

Choyamba koperani mafayilo anu pa disiki ina lero lomwe. Kenako yang'anitsitsani kuti Explorer imagwa mukatani. Tsegulani Event Viewer, mmene Windows imalembamo zolakwa zomwe zachitika, pitani pa Windows Logs, pa Application, mupeze cholakwa cha explorer.exe, muwerenge mzere wa "Faulting module name". Nthawi zambiri dzina la wopalamula limakhala pomwepo. Ngati ndi batani lakumanja, kapulogalamu kaulere ka ShellExView kamakulolani kuzimitsa timagawo tonse tosakhala ta Microsoft, inu n'kumayatsanso kamodzikamodzi mpaka mutakagwira. Ikamagwa mu foda ya zithunzi kapena mavidiyo, fufutani ma thumbnails (tizithunzi tating'ono toonetsa zomwe zili mu fayilo) kudzera mu Disk Cleanup. Ikamagwa mukangoitsegula, sakani File Explorer Options mu Control Panel, mudine Clear. Zikakanikabe, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe sfc /scannow kuti ifufuze ndi kukonza mafayilo a Windows owonongeka, mudikire imalize. Mundilemberenso dzina lomwe mwapeza mu Event Viewer muja, tione limodzi.