Achimwene, pa malaputopu atatuwo dikirani kaye

Achimwene, ndaliona funso lanu. Mwati mukuphunzira za akawunti, ntchito yanu yambiri ndi Excel, Word ndi makalasi a pa Zoom, koma Loweruka mumajambulako maukwati ndipo mukufuna muzikonza nokha mavidiyowo. M'sitolo mwapeza laputopu yatsopano ya Celeron N4020, munthu wina akukutsatsani yakale ya i7-7500U, pomwe mnzanu akuti mupirire, musunge ndalama mudzagule ya magemu ya i7-12700H. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndiye ndikuyankhani malinga ndi zomwe ndimaona patebulo panga. Pa zitatuzo palibe yomwe ndingakuuzeni kuti mukagule mawa.

Tiyambe ndi Celeron, poti ndi yomwe imakopa anthu ambiri chifukwa cha katoni yatsopano ndi mtengo wotsika. N4020 ndi purosesa, kutanthauza ubongo wa laputopuyo. Inatuluka mu 2019, ili ndi ma core awiri okha, ndipo inapangidwa kuti izidya magetsi ochepa kwambiri, mawati 6. Ma core muwaone ngati anthu aganyu m'munda. Awiri ofooka akhoza kupalira kadimba, koma mukawapatsa munda wonse dzuwa liwalowera. Vuto lina ndi loti purosesa imeneyi siyenda yokha. Kawirikawiri imabwera ndi RAM (malo omwe kompyuta imaikapo zomwe ikugwira panthawiyo) ya 4GB yowotcherera pabolodi, yosatheka kuwonjezera, komanso posungira zinthu pa eMMC ya 64GB, pomwe Windows payokha imatenga gawo lalikulu. Mwezi watha mayi wina anandibweretsera yotere akuti yagwidwa ndi vairasi. Nditatsegula Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa zomwe kompyuta ikuchita, vairasi panalibe. Zoom inali yotsegula, masamba angapo a Chrome, kenako Windows ikudzikonza kuseri, purosesa n'kukakamira pa 100%. Ukadina chinthu umachita kudikira, ukalemba liwu zilembo zikubwera mochedwa ngati zikuchokera kutali. Panalibe choti ndikonze, ndi mmene inabadwira. Kwa mwana wophunzira kutaipa kapena woonera maphunziro pa YouTube ndi yokwanira, ndipo batire imakhalitsa. Koma kukonzera vidiyo ya ukwati, iwalani. Ngati munthu wakakamizika kukhala pa mtengo umenewo, bola apeze ya Intel N100 ya mu 2023, yomwe ili ndi ma core anayi ndipo kusiyana kwake kumamveka m'manja.

Tsono i7-7500U ndi pomwe anthu ambiri amapusitsidwira, ndiye pano ndichedwepo. Ogulitsa amangoti "iyi ndi i7 bwana", ife n'kuganiza kuti tapeza chilombo. Dzina loti i7 palokha silikuuzani kanthu ngati simunaone manambala otsatira. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere (kapena ziwiri zoyamba, monga 12 mu 12700H ndi 1235U) ndi m'badwo wa purosesayo, umene ogulitsa amautchula kuti gen. Choncho 7500U ndi ya m'badwo wa 7, ya mu 2016, ndipo nayonso ili ndi ma core awiri basi. Inde, ndi amphamvu kuposa a Celeron, pamenepo palibe mkangano. Koma chaka chotsatira, mu 2017, Intel inatulutsa m'badwo wa 8 n'kuchulukitsa ma core kawiri, moti i5-8250U ili ndi anayi. Pa ntchito yolemera ngati ya mavidiyo, i5 imeneyi imaisiya kutali i7 ya m'badwo wa 7, pomwe pamsika nthawi zambiri i7 yakaleyo ndi yomwe amaitchula mtengo wokwera chifukwa cha dzina lokha. Palinso nkhani ya Windows. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8. Alipo anyamata amene amaikamo mokakamiza, zimatheka ndithu, koma laputopu yomwe mudzasungiremo ma akawunti a anthu sindingakulimbikitseni kuti iziyendera njira zachidule.

Chilembo cha kumapeto nachonso muzichiwerenga. U ndi purosesa yosunga batire, ya mawati pafupifupi 15, yopangidwira malaputopu opepuka a mu ofesi. H ndi ya mphamvu, ya mawati 45, ndipo HX ndi yoposa pamenepo.

Apa ndiye tafika pa ya mnzanuyo. Kunena zoona i7-12700H ndi purosesa yabwino zedi. Ndi ya mu 2022, ili ndi ma core 14, asanu ndi limodzi akuluakulu a ntchito yolemera, asanu ndi atatu ang'onoang'ono osunga magetsi, ndipo ikapanikizika imatha kukoka mpaka mawati 115. Funso ndi loti mphamvu imeneyo mudzaiona liti. Mukamatsegula Word, kuwerengetsa mu Excel kapena kulowa pa Zoom, ntchitoyo imatha m'kamphindi ndipo imagwiritsa core imodzi kapena ziwiri, enawo ali chikhalire. Mutaika pambali pake laputopu ya purosesa yapakatikati yokhala ndi SSD (posungira zinthu pothamanga kwambiri) ndi RAM yokwanira, simungadziwe kuti yodula ndi iti. Kusiyana kumaonekera pa ntchito yotenga nthawi yaitali yofuna ma core onse, monga kutulutsa vidiyo ya maola awiri ya 4K (zithunzi zooneka bwino kwambiri kuposa za 1080p), kapena mapulani a nyumba a 3D. Pamenepo yodulayo imamaliza inu musanamwe n'komwe tiyi, inayo ikadali pakati.

Koma mphamvuyo ili ndi mtengo wake wina womwe sulembedwa pa risiti. Laputopu zoterezi ndi zolemera, chaja chake chimakhala ngati njerwa m'chikwama, ndipo batire sichedwa kutha. Kwathu kuno magetsi akazima masana, wa laputopu ya U amapitiriza kalasi yake, wa magemu ali kalikiliki kusaka poti atchaje. Komanso zambiri mwa izo zikachotsedwa kumagetsi zimachepetsa liwiro zokha, ndiye mphamvu yomwe munalipirayo mumaipeza pokhapokha chaja chili pakhoma. Ndiye pali kutentha. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzibweza yokha kuti isapse. M'mwezi wa Okutobala, chipinda cha malata, fumbi lili kobo, zimenezi zimachitika msanga. Ndimatsegula zambiri zotere n'kupeza pakati pa fani ndi potulukira mpweya pali fumbi lolukana ngati kachidutswa ka bulangete, ndimachita kulikoka ndi kachitsulo. Mwini wake amakhala akudandaula kuti laputopu yodula ikuchedwa, osadziwa kuti ikubanika. Yoteroyo imafuna kupukutidwa m'kati pafupipafupi, ndipo si yoika pabedi.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana pakati. Funani Ryzen 5 5500U, ya mu 2021, ma core asanu ndi limodzi pa mawati 15, kapena i5-1235U ya mu 2022, yomwe ili ndi ma core 10, awiri akuluakulu ndi asanu ndi atatu ang'onoang'ono. Iliyonse mwa ziwirizi, ikakhala ndi SSD ndi RAM ya 16GB, ya kusukulu ikuchitirani mosavuta ndipo mavidiyo a 1080p muzikonza bwinobwino. Potulutsa vidiyo mudikirako pang'ono, koma ndi kudikira koti mukasambe n'kupeza yatha. RAM ndikuitchula dala, chifukwa purosesa yabwino pa 4GB ili ngati mphika waukulu pa kamoto ka mapesi. 8GB ndi poyambira, ndipo funsani ngati ili ndi malo owonjezera. Ku AMD, kampani yopanga Ryzen, samalani ndi nambala yaikulu. Ryzen 5 7520U imamveka ngati yoposa 5500U, koma ili ndi ma core anayi okha ndipo RAM yake ndi yowotcherera.

Ndalama zikavuta, musachite manyazi ndi za kaunjika zochokera m'maofesi akunja. ThinkPad T480 kapena HP EliteBook 840 G5 zokhala ndi i5-8250U kapena i5-8350U ndi zolimba, RAM imawonjezeka, ndipo zipangizo zake zimapezeka. Kungoti zina mwa mitundu yomweyi zinatuluka ndi purosesa ya m'badwo wa 7, ndiye dzina la laputopu lisakukwanireni.

Pogula musakhulupirire kasitika komata pafupi ndi kiyibodi, kameneko aliyense akhoza kumata. Iyatseni pamaso pa wogulitsa, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, pitani pa Performance, muwerenge nokha dzina lonse la purosesa, kuchuluka kwa RAM, komanso ngati disiki yalembedwa kuti SSD. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, mutsegule fayilo ya lipoti yomwe ikulozereni, mufananitse mphamvu yomwe batire inabadwa nayo ndi yomwe yatsala. Ngati yatsala theka, mtengo utsike chifukwa mukagulanso batire ina. Tengani kavidiyo kamodzi ka ukwati pa fulashi, mukasewere pomwepo kwa mphindi khumi chaja chitazulidwa, mukumvetsera fani ndi kugwira pansi pake. Muonenso kuti BIOS, pulogalamu yomwe imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke, ilibe pasiwedi, poti za m'maofesi zina zimabwera zokhomedwa ndipo kumasula kwake n'kovuta. Wogulitsa akamakana kuti muyese zimenezi, musiyeni mupite kwina.

Chomwe chingasinthe yankho langa ndi kamera yanu. Ngati mumajambula 4K ndipo maukwati ayamba kubwera sabata ndi sabata moti makasitomala akukudikirani, pamenepo mnzanu akunena zoona, sungani ndalama mugule ya H chifukwa idzadzibweza yokha. Tandiuzeni kamera yomwe mumagwiritsa ntchito ndi pulogalamu yomwe mukufuna kukonzera mavidiyo, ndipo mukapeza laputopu ina jambulani tsamba la Performance lija muponye muno tiione limodzi musanapereke ndalama.