Funsani Odziwa: Chithunzi cha Mayi wa Nkhope Yobiriwira

FUNSO: Malemu bambo anga pobwera kuchokera ku Joni anatenga chithunzi cha mayi wa Chitchaina wa nkhope yobiriwira ndi milomo yofiira. Chakhala pakhoma pabalaza chiyambire tili ana. Mdzukulu wanga akuti waona pafoni kuti chithunzi chomwechi chinagulidwa ndalama zankhaninkhani. Kodi ndikusunga chuma? Mayi wa ku Santhe, Kasungu

YANKHO: Mayi, mdzukulu wanuyo sananame, kungoti nkhaniyo waidula pakati. Chithunzicho dzina lake ndi Chinese Girl, ndipo anachijambula ndi Vladimir Tretchikoff yemwe ankakhala ku Cape Town, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Chenichenicho, chapenti pachinsalu, n'chimodzi chokha. Chinagulitsidwa pa okushoni ya Bonhams ku London mu 2013 pamtengo wa mapaundi 982,050. Zinazi, zomwe zinadzaza m'masitolo a ku South Africa ndi ku Britain, n'zosindikiza pamakina, ndipo n'zimene ankakwanitsa kugula anthu a pantchito ngati bambo anu.

Mungathe kutsimikiza nokha. Chitsitseni, mupite nacho pakhonde masana. Yandikitsani kamera ya foni pa tsaya la mayiyo n'kukulitsa. Chosindikiza chimaoneka timadontho tosanjikana bwinobwino, ta inki ya mitundu inayi: yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Onaninso dzina la wojambula. Ambiri amapusitsika pamenepa, amati poti pali siginecha ndiye kuti n'chenicheni, chonsecho nayo ndi timadontho tomweto. Kukada, walitsani tochi chammbali, mogonetsa. Penti yeniyeni imakhala ndi timizere totumphuka mosiyanasiyana momwe munadutsa bulashi. Pepala limangoti see, kapena limakhala ndi manyamanya ofanana paliponse, odindidwa ndi makina. Mukachitembenuza n'kupeza katoni kapena hadibodi, nkhani yatha.

Sikuti n'chopanda mtengo. Alipo okonda zinthu za nthawi imeneyo amene amazigula, makamaka kunja, koma ndalama zake n'zochepa, ndipo zimayendera giredi ngati fodya ku Chinkhoma. Choyamba amaona mtundu. Dzuwa limayamba kudya inki yofiira ndi yachikasu, yabuluu n'kutsala. Poti nkhopeyo ndi yobiriwira kale, yang'anani milomo ndi chovala chagolidecho: ngati zatuwa, giredi yatsika. Kenako amaona madontho a chuku, mizere ya madzi a denga lodontha, ndi modya chiswe. Felemu yake yoyambirira ndi kapepala ka sitolo kakumbuyo musazitaye ngakhale zaoneka zokalamba, chifukwa n'zimene zimasonyeza zaka zake.

Posamala, musachipukute ndi nsalu yonyowa, ndipo vanishi kapena mafuta asayandikire. Fumbi sasani ndi bulashi yofewa youma. Pong'ambika musamate selotepi. Guluu wake amalowerera m'pepala n'kusiya chipsera chachikasu chosachoka. Ngati pali galasi ndipo pepala lamatirira, musalimatule, lingasendeke nkhope yonse. Chipachikeni kutali ndi zenera ndi utsi wa kukhitchini, pakhoma la m'kati mwa nyumba, ndipo kumbuyo kwa felemu, m'ngodya ziwiri zam'munsi, matanipo tizidutswa ta labala kuti mpweya uzidutsa nthawi ya dzinja.