Achemwali, pitani ku chilumbako

Kalata yanu yandipeza. Mukuti inu ndi abambo a kunyumba mwasunga kandalama, mukufuna kukapuma sabata imodzi pa chilumba, Zanzibar kapena Mauritius, ndipo simukudziwa poyambira. Zimenezo n'zosavuta kuyankha. Chandikhudza ine ndi mawu anu omalizawo, akuti, "Kapena tingozisiya, poti kumudzi adzati tayamba kudzimva."

Musazisiye.

Amalume anga anagwira ntchito m'migodi ya kuno ku South Africa nthawi ya Wenela. Anabwerera kwathu ku Dedza chitangochitika chija cha mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Anafika ndi njinga, wailesi, mabulangeti ndi suti imodzi imene ankavala pa maliro ndi pa ukwati. Tili ana tinkawafunsa za ku Joni, iwo n'kumatiuza za komponi, za shafuti, za mzere wa chakudya. Nyanja ya ku Durban sanaioneko. Ngakhale tauni ya Johannesburg yeniyeniyi ankangoidutsa. Anabwera kudzagwira ntchito, anagwira, mapapo anatha, anakamwalira kwawo. Ndiye ine ndimaona kuti ambirife tinatengera mtima womwewo osadziwa, woti munthu wa ku Joni ndi wongotumiza, thupi lake lilibe mlandu wopuma.

Taganizani za December wathu. Umayamba kugula katundu mu October, mafuta ophikira, sopo, nsapato za ana a mlongo wako, foni ya amayi. Zikwama zamizeremizere zija zimadzaza mpaka zipi kukana, n'kuzimanga ndi tepi. Ku Park Station kukankhana, kukangana za kulemera kwa katundu. Kenako Beitbridge, kuima padzuwa mapazi atatupa, Nyamapanda, mlatho wa ku Tete, Zobue, Mwanza. Ukafika usanasambe n'komwe, pakhonde pali kale anthu. Uyu fizi, uyu feteleza, uyu malata anasasuka, uyu akuti manda a agogo sanawakidwebe. Ndipo onsewo sakunama, mavutowo ndi enieni. Ine ndimawakonda anthu amenewa, ndimatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo sindidzasiya. Koma tisamanamizane kuti kumeneko ndi kupuma. Imeneyo ndi ntchito yachiwiri, ndipo mu January umabwerera ku Joni wotopa kuposa mmene unachokera, m'thumba mulibe ngakhale ya taxi.

Ulendo wanga woyamba wopita kopanda wondiyembekezera ndi dzanja unali wa ku Zanzibar. Ndinakagona ku Jambiani, kum'mawa kwa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar. Masiku oyambirira thupi linkakana. Ndinkadzuka kusanache ngati ndikuthamangira mzere wa taxi ku Bree, mtima uli phaphapha, kufunafuna chimene ndaiwala kuchita. Palibe. Ndinkatuluka n'kukhala pamchenga. Kumeneko madzi akaphwa amathawa kutali kwambiri, mpaka kumangooneka kamzere koyera uko, ndipo amayi amalowa ndi nsalu zawo kukalima ndere za m'nyanja. Amakhoma tizikhomo mumchenga, n'kumanga zingwe, nderezo n'kumakulira pazingwepo. Mayi wina anawerama pafupi nane nthawi yaitali, akumangirira timitsitsi ndi zala zosweka ndi mchere, thumba lili pambali. Tinapatsana moni, ine Chiswahili changa cha apa ndi apo, iye akuseka. Madzi atayamba kubwerera anasenza thumba lake n'kumapita. Tsiku limenelo ndi limene ndinagona masana koyamba osadziimba mlandu.

Ndipo ndikuuzeni mosapita m'mbali, kwa Mmalawi, Zanzibar imaposa Mauritius. Mauritius ndi yokongola, ndege yake ndi ya maola anayi kuchokera ku bwalo la ndege la OR Tambo, koma maulendo ake ambiri amakutsekera mu hotelo, kudya momwemo, kusambira momwemo, ndalama n'kumatuluka ngati madzi m'dengu. Komanso kuyambira November mpaka April ndi nyengo ya anamondwe, ndipo ife amene tinaona za Freddy mu 2023 sitifunika kuuzidwa kuti namondwe n'chiyani. Ku Zanzibar kuli mbiri yathu. Mu Stone Town, tauni yakale ya Zanzibar, pa Mkunazini, pali tchalitchi chachikulu cha Anglican chotchedwa Christ Church, chomangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873. Pafupi pake amakulowetsani m'zipinda zapansi, denga lake lofupika moti suimirira bwino, mpweya ukulowera pa kabowo kakang'ono. Ndili mmenemo ndinakumbukira Nkhotakota ndi a Jumbe, amene ankaolotsa anthu panyanja yathu n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, pagombe la Tanzania, ena n'kudzathera pamsika umenewu. Ena mwa iwo ankalankhula chinenero chimene ndikulemberachi. Ndinatuluka ndili duu, ndipo mpaka lero ndimati Mmalawi aliyense amene angathe akaoneko ndi maso ake. Amene akunena kuti ulendo wotere ndi kumwaza ndalama sanaimepo m'chipinda chimenecho.

Mwina wina kumudzi adzati, nanga bwanji osapita ku Likoma, chilumba chathu chomwe? Funso labwino, ndipo Likoma ndimaikonda. Madzi ake alibe mchere, milambe ili ponseponse, mapiri a ku Mozambique ali pafupi patsidya, ndipo tchalitchi cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, chinamangidwa ndi amishoni a Anglican a bungwe la UMCA omwe anamanga cha ku Zanzibar chija. Koma Likoma siilola changu. Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951, imazungulira kamodzi pa sabata pakati pa Monkey Bay ndi doko la Chilumba ku Karonga, ndipo nthawi yake ndi yake. Kuchoka kuno, kutera ku Lilongwe, kukwera mpaka Nkhata Bay, kudikira sitima kapena boti, sabata yatha. Ndiponso tinene zoona, mukangoponda Malawi mbiri imamveka, ndipo simungadutse osakaonekera kwa apongozi. Likoma muisungire chaka chimene muli ndi masabata atatu.

Chinanso, musabise. Ndaona anzathu akupita mozemba, zithunzi osaika pa WhatsApp, kuopa kuti azakhali aona. Kubisako n'kumene kumachititsa chinthu chabwino kuoneka ngati kuba. Tumizani ya mwezi umenewo monga mwa nthawi zonse, auzeni amayi kuti tikukapuma ndipo foni tizitsegula madzulo okha, basi. Amene angakwiye akwiye. Ndalamayo munaidzukira m'mamawa m'chisanu cha July, mukudikira taxi mumdima, ndipo ana anu akufunika kuona makolo awo atakhala pansi akuseka, kuti iwonso asadzakule akuganiza kuti moyo ndi kusenza zikwama kokha.

Za mapepala ndi zina

Apa ndiye musachite chibwana. Kutuluka mu South Africa n'kosavuta, kuvuta n'kubwerera. Ngati permit yanu inatha, pa bwalo la ndege amakudindani kuti ndinu wosafunika, chaka chimodzi ngati mwapitirira masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati mwapitirira kuposa pamenepo. Amene ali ndi pepala la asylum asayerekeze n'komwe kutuluka, limatha mphamvu. Ndiye musanalipire kalikonse, yalani mapasipoti onse awiri patebulo, muone deti la permit, muonenso kuti pasipoti yatsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Visa ya Tanzania sitifunika ife a pasipoti ya Malawi, koma kuyambira October 2024 boma la Zanzibar limafuna alendo agule inshulansi yake asanalowe, imene anaiyamba pa madola 44 munthu mmodzi. Imagulidwa pa intaneti, ndipo muisindikize papepala.

Ndege yolunjika kuchokera ku OR Tambo imatenga pafupifupi maola atatu ndi theka. Pewani March mpaka May, mvula imagwa yambiri, ndipo December mitengo imakwera. June mpaka October ndiye nthawi yabwino. Sabata musaiduledule, masiku awiri mu Stone Town, otsalawo pagombe limodzi. Ngati mukufuna kusambira nthawi iliyonse sankhani Nungwi kapena Kendwa kumpoto, kumene madzi sathawa kwambiri, koma ngati mukufuna bata, Jambiani kapena Paje. Madzulo amodzi mukadye pa Forodhani, msika wa chakudya wa usiku mu Stone Town, mufunse mtengo musanaloze nsomba, ndipo tsiku lina mukaone anyani ofiira a m'nkhalango ya Jozani. Anthu ake ambiri ndi Asilamu, choncho m'tauni ndi m'midzi valani zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, chitenje chanu chigwira ntchito, ndipo nthawi ya Ramadan musamadye poyera masana. Malungo aliko, ndipo amene takhalitsa ku Joni thupi linaiwala, ndiye pitani ku chipatala mukatenge mankhwala oteteza musananyamuke. Muzilipira ndi mashilingi a Tanzania, ndipo lendi ya mwezi wotsatira muisiye mu akaunti ina imene khadi lake silikwera nanu ndege.