Funsani Dokotala: Anandichepetsa chifu, mapiritsi a mavitamini ndidzasiya liti?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Chilenje. Zaka zitatu zapitazo anandichita opaleshoni ya gastric bypass ku India ndipo thupi linatsikadi. Mavitamini amene ndinabwera nawo atatha sindinagulenso, poti ndinkamva bwino. Tsopano ndikutopa msanga, mapazi akuchita dzanzi usiku, tsitsi likutsalira pa chipeso. Kodi ndingogula mapiritsi owonjezera magazi aja amapatsa amayi apakati kukiliniki?

Yankho: Mayi, musayambire kukemisi. Yambani mwayezetsa magazi sabata ino: full blood count, ferritin (yoonetsa ayironi wosungidwa m'thupi), vitamini B12, folate, vitamini D ndi calcium. Ku chipatala cha UTH, cha Levy Mwanawasa kapena ku labu iliyonse, auzeni mtundu wa opaleshoni ndi chaka chake, popeza ndi zimene zimawauza choyang'ana.

Mapiritsi a amayi apakati aja, paokha, angakupusitseni. Muli ayironi ndi folic acid. Folic acid imatha kukonza magazi ooneka pa pepala la kulabu pamene B12 ikadali yoperewera, minyewa ya kumapazi n'kumapitiriza kuwonongeka mwakachetechete. Dzanzi lanulo ndi limene likutidetsa nkhawa kuposa tsitsi. Tsitsi limameranso, koma minyewa ikawonongeka kwa nthawi yaitali sibwerera yonse.

Chimene chinachitika m'mimba mwanu ndi ichi. Pa bypass amasiya kathumba kachifu kolowa mamililita pafupifupi 30, ndipo chakudya chimalambalala chiyambi cha matumbo aang'ono, pamene ayironi ndi calcium zimalowera kwambiri m'thupi. Asidi wa m'chifu amachepa, pamodzi ndi intrinsic factor imene imanyamula B12. Chiwindi chimasunga B12 yokwanira zaka zingapo, n'chifukwa chake munamva bwino nthawi yonseyi: munkadya za m'nkhokwe. Amene anachitidwa sleeve gastrectomy, yochotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, asadzione ngati opulumuka. Matumbo awo sanakhudzidwe, koma asidi ndi intrinsic factor nazonso zinatsika. Ngati mumamwanso omeprazole kapena metformin, B12 imatsika msanga kuposa pamenepo.

Funso la "ndidzasiya liti" yankho lake ndi lakuti simudzasiya. Mlingo wa tsiku ndi tsiku woteteza munthu wa bypass umakhala motere: multivitamin yokhala ndi zinc ndi copper, ayironi mamiligalamu 45 mpaka 60 kwa mayi amene akadasamba, calcium mamiligalamu 1,200 mpaka 1,500, vitamini D 3,000 IU, B12 mamaikulogalamu 350 mpaka 1,000, kapena jakisoni wa 1,000 mwezi uliwonse kapena miyezi itatu iliyonse, malinga ndi mtundu wake. Inuyo mlingo wotetezawu sukukwanirani poyamba. Wokhala ndi dzanzi amamuyambitsa majakisoni a B12 pafupipafupi, osadikira mwezi, ndipo ferritin ikakana kukwera ndi mapiritsi, ayironi amaperekedwa kudzera mu diripi.

Ambiri amalakwitsa pa kamwedwe. Amameza onse pamodzi m'mawa ndi tiyi, kenako n'kumadabwa kuti magazi sakukwera. Calcium imatsekereza ayironi, tiyi nayenso chimodzimodzi. Siyanitsani ayironi ndi calcium ndi maola awiri. Calcium muigawe katatu, mamiligalamu 500 nthawi imodzi, chifukwa thupi silitenga yambiri kamodzi. Ndipo funsani calcium citrate, imene imalowa ngakhale asidi ali wochepa. Ikasowa n'kupeza carbonate yokha, imweni pakati pa chakudya. Ayironi mumwere madzi, ndi kagawo ka lalanje kapena gwafa. Werenganinso pabotolo: piritsi la ferrous sulphate lolembedwa 200 mg lili ndi ayironi weniweni 65 mg basi. Chimbudzi chikada musaope, ndi ayironiyo. Koma chikakhala chakuda chomata ngati phula ndi fungo loipa, thamangani kuchipatala, chingakhale chilonda chotaya magazi. Brufen ndi diclofenac amatha kuyambitsa zilonda zotere pa bypass, choncho apeweni.

Kapenta wodyera pamodzi ndi minga yake, chiwindi, mazira, nyemba ndi chibwabwa zimathandiza ndithu, ndipo muziyamba ndiwo musanagwire nsima, poti malo m'mimbamo ndi ochepa. Koma chakudya chokha sichingatseke dzenjeli. Mavitamini mugule ku pharmacy yolembetsedwa ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala mu Zambia, osati a m'chikwama ogulitsidwa pa WhatsApp, amene pabotolo salemba n'komwe mlingo wake. Mukayamba mankhwala, yezetsaninso pakatha miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka.

Funso: Amuna anga anachitidwa sleeve milungu isanu yapitayo ku Johannesburg. Akusanza tsiku lililonse, ndipo dzulo ankayenda mwadzandidzandi n'kumati akuona zinthu ziwiriziwiri. Tidikire tsiku la review? Ndine wa ku Matero.

Yankho: Ayi mayi, atengeni lero lomwe. Thupi limasunga vitamini B1, thiamine, ya milungu iwiri kapena itatu yokha, ndipo munthu wosanza amaitha msanga. Kudzandira, kuona pawiri ndi kusokonezeka mutu ndi zizindikiro za matenda a ubongo otchedwa Wernicke. Piritsi silithandiza apa. Amafunika thiamine wa mumtsempha nthawi yomweyo, osadikira zotsatira za kulabu. Mukafika, nenani pakhomo pomwe kuti bambowa anachepetsedwa chifu ndipo akusanza, kuti thiamine ayambe kapena apite limodzi ndi diripi ya shuga, chifukwa shuga yekha amamaliza kochepa kotsalako. Nyamulani kalata ya opaleshoni ndi mabotolo onse amene akumwa.