Msana ukuzizira mu hammock? Vuto lili kunsi

Owerenga wina wandilembera kuti anakagona kutchire mu hammock (nsalu yogonamo yolendewera, yomangirira pakati pa mitengo iwiri) nyengo yozizira, ali m'thumba logonamo lochindikala bwino, koma msana ndi matako zinazizira mpaka kucha. Akufunsa ngati agule thumba lina lofunda kuposa limenelo.

Musathamangire kugula lina. Chimene chimasunga kutentha m'thumbamo ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa nthenga kapena ulusi wake. Mukagona, thupi limapsinja mbali yapansi, mpweya uja n'kuthawa, ndipo chimene chimatsala pakati pa msana wanu ndi mphepo yodutsa kunsi ndi kansalu kopyapyala basi. N'chifukwa chake msana umazizira ngakhale kunja kuli madigiri 18.

Mankhwala ake ndi underquilt, chofunda chomwe chimakolekedwa kunja, kunsi kwa hammock, komwe thupi silingachipsinje. Sankhani yopirira kuzizira kopitirira kumene mukuyembekezera ndi madigiri 5. Apa pofunika kudekha ndi pomangirira. Lowani mu hammock, mugone mopingasa pang'ono monga mugonere usiku, ndiye mnzanu apise dzanja pakati pa hammock ndi chofundacho. Akapeza mpata, makamaka kunsi kwa miyendo kapena kumapeto, kungani zingwe za lasitiki mpaka chofundacho chikhudze nsalu paliponse, chifukwa kampata kakang'ono kamalowetsa mphepo usiku wonse. Koma mukakokanso mopitirira muyeso nthenga zimafinyika, vuto lija n'kubwereranso.

Ngati ndalama zavuta, yalani mphasa ya siponji yosamwa madzi mkatimo. Imathandiza ndithu, kungoti imatsetsereka, ndipo yambiri imakhala masentimita 50 m'lifupi, moti mapewa amazizira pomwe hammock yakukulungani. Ikani kachidutswa kena mopingasa pamapewapo.

Lona yotchinga pamwamba pa hammock imangeni motsika, mbali yake yaitali iyang'ane kochokera mphepo. Pewani pansi pa chigwa ndi m'mbali mwa madzi, poti mpweya wozizira umatsikira komweko usiku.

Musagone ndi zovala zomwe mwayenda nazo, thukuta lake lidzakuziziritsani. Valani zouma, za ubweya kapena poliyesita osati thonje, chipewa ndi masokosi osathina. Idyani chakudya chamafuta ndipo mukodze musanalowe. Thirani madzi otentha m'botolo lopirira kutentha, mulitseke zolimba, muliveke sokosi n'kuliika pakati pa ntchafu. Mphuno ndi pakamwa zikhale kunja kwa thumba, apo ayi mpweya wanu unyowetsa nthenga.

Mowa usiyeni, umangokupusitsani kuti mwafunda pomwe kutentha kukuthawa m'thupi. Ndipo chonde musayatse mbaula mkati mwa lona yotseka, mpweya wake umapha mwakachetechete. Mukaona mnzanu akunjenjemera osaleka, kulankhula mosokonekera kapena manja kukanika kugwira zinthu, musadikire kuti kuche: muvekeni zouma, mumufunditse, mupite naye kumalo otentha ndi kukapeza thandizo lachipatala.