Achimwene, achemwali anuwo musawayeretse

Pa imelo pabwera funso lochokera kwa mnyamata wina wa ku Bvumbwe. Anajambula vidiyo ya nyimbo ya achemwali ake pa kamera ya filimu yachikale ya Super 8 m'munda wa tiyi, filimu yatsukidwa, yasikanidwa, koma nkhope yatuluka yakuda kwambiri komanso yobiriwira, nde akufunsa kuti pa kompyuta adine pati kuti awayeretseko, poti eni akewo akudandaula.

Achimwene ndikuyankhani, koma mundilole ndilankhule kaye zakukhosi chifukwa funso lanuli landifika pamtima.

Malume anga anali kalaliki pa esiteti ina kuno ku Mulanje, kumunsi kwa phiri. Bwana wawo, mzungu, pobwerera kwawo anawasiira katoni momwe munali kamera ya Canon, pulojekita ndi timawilo ta filimu tomwe anajambula ali kuno. Malume analibe nazo chidwi, katoniyo inangokhala pamwamba pa kabati mpaka ine nditakula nkuyamba kukonda za makamera. Mafilimuwo anali a Kodachrome, amene Kodak inasiya kupanga mu 2009, ndipo Kodachrome ukaisunga mumdima siisuluka msanga ayi, moti tsiku lomwe tinayatsa pulojekita nkuloza pakhoma, phiri linatuluka lonse bwinobwino, tiyi wobiriwira, maluwa a pakhonde la bwana ofiira psuu, ana ake akuthamanga pa kapinga, galu, galimoto, chilichonse chooneka mpaka tsitsi. Kenako kamera inatembenukira kumunda kwa amayi othyola tiyi, madengu kumsana. Agogo anga aakazi anathyola tiyi pa esiteti imeneyo mpaka ukalamba, ndipo chithunzi chawo pakhomo pathu palibe olo chimodzi, nde nonse mutha kuona mmene tinasunthira mipando kufupi ndi khoma. Nkhope kunalibe. Mipango ikuoneka, madengu akuoneka, manja akuyenda, koma pamene payenera kukhala maso ndi mphuno pangoti bii. Amayi anga analoza mmodzi nkunena kuti ameneyo ndi mayi, taonani akuweramira mbali imodzi, ankatero chifukwa cha chiuno. Tinabweza filimu mobwerezabwereza. Mwina analidi iwo, mwina ayi, nkhope sitinaione.

Chinachitika sichovuta kumvetsa. Kamera za Super 8 zinabwera mu 1965 kuti bambo aliyense azijambula banja lake osaphunzira za kuwala, nde zili ndi mita mkati imene imayeza kuwala kwa chithunzi chonse nkudzitsekera yokha lenzi. Ukaloza kumunda masana, mita imaona thambo lowala, masamba onyezimira, nsalu zoyera, imati kwawala kwambiri, nkutseka. Nkhope ya munthu wakuda imene ili pansi pa mthunzi wa mpango imasowa kuwala kokwanira kuti ilembeke pa filimu. Komanso tisabise, makampani a filimu kwa zaka zambiri ankayezera mitundu pa khungu la azungu. Kodak inkatumiza kumalabu khadi lotchedwa Shirley, chithunzi cha mayi wachizungu, kuti otsuka zithunzi azilinganizira makina awo pamenepo, ndipo khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana linadzabwera mochedwa, m'ma 1990. Bwana uja mwina sanaganizeko nkomwe zimenezi, iye ankajambula munda wake, anthuwo anali mbali ya munda basi.

Koma lero kamera ili m'manja mwathu. Ili m'manja mwanu achimwene, ndipo amene waima kutsogolo kwake ndi mchemwali wanu wobadwa naye bere limodzi. Nde ine zimandipweteka kuti titaitenga kamerayo, m'malo moti tiphunzire kuwalitsa nkhope zathu kuti zioneke mmene zilili, tikuthamangira kuzisintha mtundu. Onani mavidiyo ambiri a nyimbo amene timatumizirana pa WhatsApp, woimba timamudziwa, timakumana naye pa Chitakale kapena mumsika wa Limbuli, ndi wakuda wokongola, koma muvidiyo watuwa ngati wadzola phulusa, milomo yapinki, khosi mtundu wina nkhope mtundu wina. Msuweni wanga amaimba kwaya, anakalipira mkonzi wina mtauni kuti awakonzere vidiyo, itabwera amayi onse a kwaya anali atayeretsedwa osafunsidwa, ndipo atadandaula anauzidwa kuti makasitomala amakonda choncho. Ine ndimakana. Anthu amapempha kuyeretsedwa chifukwa sanadzionepo atajambulidwa bwino, amangodziwa ziwiri, kukhala chithunzithunzi chakuda chopanda maso kapena kutuwa, nde pa ziwirizo amasankha kutuwa. Achemwali anu sakudana ndi khungu lawo, akudana ndi kusaoneka, ndipo pamenepo akunena zoona.

Ndiponso taganizani ndalama zomwe mwawononga. Katiriji imodzi ya Super 8 ndi mamita 15 okha, mafulemu 3600, pa mafulemu 18 pa sekondi imakupatsani mphindi 3 ndi masekondi 20, pa 24 imatha pa mphindi ziwiri ndi theka, kutanthauza kuti olo nyimbo imodzi siikwana. Muitanitse kunja, mudikire, mujambule, muitumizenso kunja kukatsukitsa kumalabu ngati Andec ya ku Berlin kapena Pro8mm ya ku California, zonsezo ndi ndalama zakunja zomwe aliyense akudziwa kuvuta kwake. Panjira mupemphenso amene wakunyamulirani kuti pa eyapoti asailowetse m'makina atsopano aja ounikira katundu otchedwa CT, apemphe kuti aione ndi manja, chifukwa makina amenewo amawononga filimu yosatsuka. Kuno kwathu kulinso chinyezi, chiperoni chikagwa masiku angapo lenzi imachita chuku mkati, filimu yatsopano imafuna furiji, furiji imafuna magetsi. Mavuto onsewa munthu amapirira chifukwa filimu ili ndi kaonekedwe kake, ndipo pa khungu lakuda likawalitsidwa bwino ndi pamene imakoma zedi, mumatuluka kufiirira, kunyezimira pamphumi ndi pamasaya, timadonthomadontho take tija tikuvina pankhope. Nde mufike pamapeto nkuzipha zonsezo ndi fyuluta imene foni iliyonse ili nayo? Bola kungojambula pa foni poyamba pomwe, ndalamazo mukagulire achemwali nsapato.

Sindikunyoza foni ayi. Ine ndemwe ndikamajambula ndimaimika foni pambali kuti izijambula limodzi ndi mawu omwe, ndidzalinganizire podula, chifukwa kamera za Super 8 zambiri sizithamanga liwiro lokhazikika, mota yake imadalira mabatire, nde milomo ndi nyimbo zimayamba limodzi koma pakapita kanthawi zimasiyana. Mankhwala ake ndi kujambula tizidutswa tatifupi, masekondi khumi kapena khumi ndi asanu, wina aombe m'manja kutsogolo kwa kamera poyambira, nyimbo ikulira pa sipika. Zoimba ndi pakamwa zikhale zochepa, zambiri zikhale kuyenda, kuvina, manja, mapazi. Ndikanakonda wina adzajambule tchopa ku Chonde pa filimu, fumbi lija ndi zikopa ndi dzuwa la Okutobala, pamenepo palibenso za milomo, ng'oma imakutsogolera wekha podula.

Pojambula ulendo wina

Yezani kuwala pa nkhope, osati pa munda. Yandikirani mpaka nkhope idzaze kamera, onani nambala imene mita ikunena, ikhomeni pamenepo (kamera zina zili ndi EE lock, zina mumasintha ndi dzanja, zina zili ndi batani la backlight lokha), kenako bwererani mmbuyo. Ngati filimu yanu ndi negetivi, monga Vision3 50D, 200T kapena 500T, musaope kuipatsa kuwala kochulukirapo, mita ikati f/11 inu ikani f/8 (nambala ikachepa lenzi imatseguka kwambiri), negetivi imapirira kuwala kochuluka kusiyana ndi kochepa. Ektachrome 100D, imene si negetivi, siichita chifundo chotero, mukaphonya mwaphonya, nde kwa oyamba kumene ine ndimati negetivi. Ya 200T ndi 500T anaipangira kuwala kwa mababu, panja ikani kaswitchi pa chizindikiro cha dzuwa kuti fyuluta ya olenji ija ilowe, apo ayi zonse zituluka zabuluu. Dzuwa la pamutu lipeweni, limaika mdima m'maso, pitani mmawa kapena chakumadzulo, ndipo tsiku la mitambo yopyapyala ndi labwino kuposa mmene anthu amaganizira.

Kubiriwira kuja sikuti filimu inawonongeka, ndi tiyi. Masamba amabweza kuwala kobiriwira kuchokera pansi nkumenya chibwano, khosi ndi pansi pa maso. Ubwino wake mitengo ya tiyi ndi yosalala pamwamba ndipo imalekeza mchiuno, nde yalani nsalu yoyera pamwamba pake kutsogolo kwa woimba, pamene kamera sikuona, mwatseka zobiriwirazo komanso mwaponya kuwala koyera kunkhope nthawi imodzi. Mupemphe kaye kwa eni munda, musangolowa.

Tsono za filimu yomwe muli nayo kaleyi. Choyamba onani fayilo imene anakutumizirani. Ngati ndi ka MP4 kopanikizika komwe anakonzeratu mitundu, mulibe zambiri zoti mukoke mumdimamo, alembereni kuti asikanenso negetivi yomweyo pa 2K, ProRes, flat kapena log, kutanthauza fayilo yaikulu yosakonza mitundu. Idzaoneka yotuwa ndi yozizira koma zonse zomwe filimu inagwira zidzakhalamo, ndipo negetivi yanu akubwezereni, musaisiye kumeneko. Kenako tsitsani DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera vidiyo, ilipo yaulere, ngakhale imafuna kompyuta yamphamvuko ndi bandulo yokwanira. Musayambe ndi nkhope. Pezani chinthu choyera ndi chinthu chakuda m'chithunzimo, tsegulani parade (tchati choonetsa mitundu itatu payokhapayokha), linganizani kufiira, kubiriwira ndi buluu pogwiritsa ntchito lift (ya malo amdima) komanso gain (ya malo owala) mpaka choyera chiyere chakuda chide. Mukatero kwezani gamma (kuwala kwa pakatikati) pang'onopang'ono, osati gain, mpaka maso ndi masaya zioneke, lekezani pamene madontho ayamba kuchuluka. Jambulani window (malire osankha mbali imodzi ya chithunzi) yozungulira nkhope, m'mphepete mofewa, iuzeni itsatire mutu, mkati mwake kankhani mtundu pang'ono kuchoka ku zobiriwira kupita ku magenta, uku mukuyang'ana vectorscope, tchati chozungulira choonetsa mitundu. Pali mzere wa khungu pakati pa kufiira ndi chikasu, ndipo khungu la munthu aliyense, wakuda kaya woyera, limagwera pafupi ndi mzere umenewo, chimasiyana ndi kuwala kwake basi. Khungu la achemwali likafika pamzerepo siyani, musachotse saturation (mphamvu ya mtundu), ndi imene imapatsa moyo. Tiyi ngati akulanda maso mutsitseni yekha pa hue vs sat, pamene mumachepetsa mphamvu ya mtundu umodzi wokha.

Ngati nkhope inasowa kuwala kwambiri pali malire, chomwe sichinalembeke pa negetivi Resolve siingachipange, nde zidutswa zimenezo zigwiritseni ngati zapatali, mugule katiriji ina ya 50D mukajambule nkhope zapafupi ndi nsalu yoyera ija. Musanatumize kwa anthu ionereni pa foni ziwiri zosiyana, ndipo achemwali muwaonetse pa kompyuta kaye, osati pa WhatsApp, imene imaphwanya madontho a filimu nkudetsanso malo amdima.