Funsani za Makina: Kodi ka netbook kotchipa kangandigwirire ntchito?

Makalata a mwezi uno ambiri achokera kunyanja, Salima ndi Nkhotakota, ndipo nkhani yake ndi imodzi, tilaputopu tating'ono totchipa tija amati netbook. Ndasankhapo anayi, enanu musadandaule mafunso anu akufanana ndi awawa ndiye mayankhowa ndi anunso.

FUNSO: Achimwene, ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Khombedza. Mlamu wanga wabwera ndi kalaputopu ka Acer Aspire One kuchokera ku Joni akuti andigulitsa motchipa, kali ndi Windows XP ndi RAM ya 1GB. Ine ndikufuna kolembera ma scheme, mayeso a ana ndi kusungira malikisi basi, dzanja latopa ndi kukopera zinthu zomwezomwezo teremu iliyonse. Ndigule kapena ndisunge ndalama zanga? (Mphunzitsi, Khombedza)

YANKHO: Aphunzitsi, pa ntchito mwatchulayo kamakwana ndithu, kutayipa ndi kusunga manambala ndiye ntchito imene timakina timeneti timaitha bwino mpaka lero. Koma musanapereke ndalama kwa alamu anuwo mudziwe kaye kuti mukugula chinthu cha msinkhu wanji. Ma netbook adayamba mu 2007 pamene kampani ya Asus ya ku Taiwan idatulutsa Eee PC ya sikirini ya mainchesi 7, kenako mu 2008 Intel itatulutsa purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Atom aliyense adalowamo, Acer ndi Aspire One, Samsung ndi NC10, HP ndi Mini, a Dell, a Lenovo, onse. Adayenda malonda zaka zochepa chabe, iPad itabwera mu 2010 anthu adatembenukira ku matabuleti ndi mafoni, pofika kumapeto kwa 2012 Asus ndi Acer adasiya kuwapanga. Ndiye ka alamu anuko ngati kadabwera ndi XP ndi ka pakati pa 2008 ndi 2010, nkakakulu kuposa ana ambiri amene mukuwaphunzitsa mu Sitandade 8.

Ambiri a nthawi imeneyo ali ndi Atom N270 ya 1.6GHz, sikirini ya 1024 x 600 ndi hard disk ya 160GB. Kulemba ma scheme, kukonza mapepala a mayeso, kuwonkhetsa malikisi a ana 80 kapena 100 pa spreadsheet (tebulo la manambala ngati la Excel), zonsezo zimayenda popanda vuto. Chimene chimakagonjetsa ndi intaneti ya masiku ano, masamba ngati Facebook ndi YouTube adalemera kwambiri kusiyana ndi mmene adalili mu 2009, mukatsegula atatu pakamodzi kamangoima duu. Kali ngati njinga ya kabaza, thumba la chimanga imanyamula tsiku ndi tsiku osadandaula koma musaikweze katundu wa lole.

Muwapemphe alamuwo akubwerekeni tsiku limodzi kapena awiri, ndi pachibale sangakane. Mukatchaje mpaka kadzadze, muzule chaja nkuyamba kutayipa muone kakhala nthawi yaitali bwanji kasanathime. Batire ya 3-cell ili yatsopano inkapanga maola awiri kapena atatu, ya 6-cell ija yotupa kumbuyo inkapanga kawiri kake, koma batire ikakalamba imatha kungokhala mphindi zochepa, ndiye ngati zili choncho mtengo utsike chifukwa mukagulanso ina. Mutsegule Notepad mudine batani lililonse pa kiyibodi limodzilimodzi, muyese mabowo onse a USB ndi fulashi, mutsegule ndi kutseka chivundikiro muone ngati mahinji sadathyoke, ndipo muike khutu pansi pake, mukamva kuti tiki tiki tiki mobwereza ndiye kuti hard disk ili pafupi kufa. Kenako mukatembenuze muwerenge modelo pa kapepala ka pansi. Ngati ndi D250 zili bwino, RAM yake, memori imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka, imasinthika mpaka 2GB. Ma Aspire One oyambirira aja a mainchesi 8.9, AOA110 ndi AOA150, amalekeza pa 1.5GB ndipo kuti mufike pa RAM mpaka kumasula pafupifupi makina onse.

Tsopano za XP, apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse. Microsoft idasiya kuiteteza pa 8 Epulo 2014, Windows 7 nayo idasiyidwa pa 14 Januwale 2020, kutanthauza kuti mabowo amene akuba ndi mavayirasi amalowera sakutsekedwanso. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba, kasiyeni ndi XP yakeyo koma kasalowe pa intaneti olo pang'ono, kakhale kolembera basi. Yachiwiri, imene ine ndingasankhe, muikemo Linux yopepuka, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta mmalo mwa Windows. N270 ndi ya mtundu wakale wa 32-bit ndiye Linux Mint ndi Lubuntu za masiku ano, zofuna 64-bit, sizilowa, zoyenera ndi ngati antiX kapena Puppy Linux, ndi zaulere, ndipo ndi pulogalamu yolembera ya LibreOffice mumatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel omwe a ku ofesi ya PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) angawawerenge. Sabata yoyamba mudzaona zachilendo, mabatani ali malo ena, koma kutayipa ndi komweko. Chokhacho mukapita nako kwa okonza makompyuta pa Kamuzu Road ku Salima nkukuuzani kuti "tikuikirani Windows 10 ikhale yamakono", mukane ndithu, pa RAM ya 1GB mudzakhala mukudikira kuti Start itseguke tiyi nkuzizira.

Ndalama zikadzapezeka chotsani hard disk muikemo SSD (chosungira mafayilo cha machipi) ya 2.5 inchi olo yaing'ono ya 120GB, kamadzuka msanga komanso SSD ilibe mbale yozungulira mkati ndiye mabampu a minibasi pa msewu wa M5 sayiwononga. Ndipo mtengo wa alamuwo muuyerekeze ndi ma ThinkPad kapena Dell Latitude akaunjika a Core i3 kapena i5 omwe amapezeka ku Lilongwe, kusiyana kukakhala kochepa tengani yaikuluyo. Ubwino wa kakang'onoka ndi kupepuka, kilo imodzi ndi pang'ono, kamalowa mu chikwama chomwecho cha makope.

FUNSO: Ine ndimapanga geni ya usipa ndi utaka ku Senga Bay, ndimatumiza ku Lilongwe ndi ku Mchinji. Mwana wanga wandipatsa ka HP Mini akuti ndizilembamo ngongole ndi katundu mmalo mwa kope. Vuto kunyumba tilibe magetsi tili ndi sola yaing'ono ndi batire ya 12V. Nditchaja bwanji osakapsereza? (Mayi wa geni, Senga Bay)

YANKHO: Mayi, mwanayo wachita bwino, kope likanyowa kapena kusowa ngongole za anthu zimapita nalo limodzi. Poyamba yang'anani pa chaja pamene palembedwa kuti Output, ma HP Mini ambiri amafuna 19V ndipo chaja yake ndi ya mawati 30 kapena 40 okha, zochepa kwambiri poyerekeza ndi laputopu yaikulu imene chaja yake imakhala ya 65 kapena 90. Ndiye sola yanuyo ikhoza kukwanitsa. Koma chonde musalole munthu adule waya wa chaja nkulumikiza molunjika ku batire ya 12V, mphamvu sizikufanana ndipo mawaya akasinthana kamodzi kokha bolodi yapsa. Mugule kainveta kakang'ono ka mawati 150 mulumikize ku batire nkubayapo chaja yake yeniyeni, kapena mupeze chaja ya m'galimoto ya laputopu imene imakweza 12V kufika 19V, iyi ndiye yosamala moto chifukwa inveta imadya wina payokha. Muzitchaja masana dzuwa likuwala, batire ya nyumba isamakhuthuke usiku mababu akuyifunanso.

Za kalembedwe musazichulutse. Tsegulani spreadsheet imodzi, mizere ya tsiku, dzina la kasitomala, mtundu wa nsomba, zidebe kapena matumba angati, mtengo, zimene walipira ndi zotsala, mwanayo akuikireni kafomula kochotsera kuti zotsala zizidziwerengera zokha. Ndalama zolandira pa Airtel Money kapena Mpamba muzilemba ndi nambala ya meseji yake, munthu akadzakana mudzakhala ndi pomugwira. Lamlungu lililonse koperani fayiloyo pa fulashi ndipo fulashiyo isagone mu chikwama chimodzi ndi kompyuta.

Adani ake kunyanjako ndi mchenga, chinyezi ndi kutentha. Musapite nako pa thandala pamene mukuyanika nsomba, mchenga ukalowa pansi pa mabatani amayamba kukakamira, lembani pa kapepala mukalowetse madzulo manja atasambidwa. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala mukudziwa nokha mmene Salima imawotchera, ndiye musakaike pa bedi kapena pa chitenje pogwiritsa ntchito, mpweya umalowera pansi ndi m'mbali, kakhale pa tebulo kapena pa thabwa. Nyerere nazo zimakonda kufunda kwa mkatimo makamaka ana akamadyera pafupi, mukamaliza muzikatsekera mu chikwama cha zipi.

FUNSO: Bwana ndine wophunzira, ndimakhala pa boma ku Nkhotakota ndipo maphunziro ena timapanga pa intaneti. Ndili ndi HP Stream 11 ya buluu, RAM 2GB, malo 32GB, Windows 10. Tsiku lililonse ikuti disk yadzadza pomwe ndilibe ma video, Zoom imaduladula, bandulo ikutha ngati madzi. Ndiwonjezere RAM? (Wophunzira, Nkhotakota)

YANKHO: Mphwanga, RAM ya Stream siwonjezereka, idawotcheredwa pa bolodi, ndipo 32GB imeneyo si hard disk koma kachipi kotchedwa eMMC nakonso nkomatirira, ndiye wina akakuuza kuti bweretsa ndikukwezere usamupatse ndalama zako. Ma Stream adayamba kutuluka mu 2014, ndi adzukulu a ma netbook aja, ndipo vuto lako ndi la aliyense amene ali nayo: Windows 10 payokha imadya gawo lalikulu la 32GB, ma update akabwera amasowa pokhala, amalephera, mawa amayambiranso kudawunilodi, ndi kumene bandulo yako ikupita.

Lero lomwe lowa mu Settings, Network & Internet, pa Wi-Fi ya hotspot ya foni yako uyatse Metered connection, Windows isiya kukoka zinthu zikuluzikulu mwakachetechete. Kenako tsegula Disk Cleanup udine Clean up system files, chotsa ma update akale, ugule memori khadi ya 64GB yeniyeni osati zabodza zija zimalemba zambiri mkati mulibe, uike manotsi ndi ma PDF onse mmenemo. Izi zikupumitsa koma sizichiza. Windows 10 thandizo lake la nthawi zonse lidatha pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna RAM ya 4GB ndi malo a 64GB pochepetsetsa, Stream yakoyo siyifika. Mwayi uli nawo ndi woti purosesa yake ya Celeron ndi ya 64-bit, ndiye Lubuntu kapena Linux Mint ya Xfce imalowa bwinobwino nkukusiyira malo ambiri. Uyese kaye kuchokera pa fulashi usanafufute kalikonse, uone ngati Wi-Fi ndi mawu zikugwira.

Za Zoom, pa 2GB zimitsa kamera yako, tseka browser ndi china chilichonse, ndipo ikamavutabe mvera kalasi pa foni kwinaku ukulemba manotsi pa laputopu, zida ziwirizo zigawane ntchito. Ndimakonda kuuza ophunzira za Kiwix, kapulogalamu kaulere komwe kamakulola kusunga nkhani za Wikipedia nkumawerenga popanda intaneti, ukapeza Wi-Fi yabwino udawunilodi gawo la phunziro lako, kaya ndi zachipatala kaya masamu, uike pa memori khadi ija.

FUNSO: Ndinapita kukapulintitsa kalata ku shopu ina kuno ku Dwangwa, pobwera fulashi yanga mafayilo onse asanduka ma shortcut, ndikadina sakutseguka. Muli ma CV ndi zithunzi za ukwati. Zapita basi? (Bambo wa ku Dwangwa)

YANKHO: Bambo, mtima pansi, kawirikawiri sizinapite, vayirasi imeneyo imangobisa mafayilo nkuika ma shortcut abodza pamalo pake. Musadinenso shortcut iliyonse chifukwa kudinako ndi kumene kumalowetsa vayirasi mu kompyuta yanu, ndipo musafomate. Bayani fulashiyo muone chilembo chimene yapatsidwa, tinene kuti ndi E, tsegulani Command Prompt mulembe attrib -h -r -s /s /d E:\*.* nkudina Enter, mudikire pang'ono mafoda anu aonekeranso, nthawi zina amakhala mu foda yopanda dzina. Koperani zithunzi ndi ma CV kwina, mukatero ndiye mufomate fulashiyo. Popeza mudadina kale, kompyuta yanu iyeneranso kusesedwa ndi antivirus apo ayi idzadwalitsa fulashi iliyonse imene mubayepo. Ngati pali mnzanu amene ali ndi Linux ndi bwino kukatsegulira kumeneko, mafayilo obisikawo amaoneka pompopompo ndipo vayirasi ya Windows siyidzuka.

Ulendo wina mukamakapulintitsa sungani kalatayo ngati PDF, mutumize pa WhatsApp kapena imelo ya shopuyo, ndipo ngati akufuna fulashi basi mukhale ndi ina yaing'ono ya kopulintira yokha, yopanda zithunzi za ukwati.